Dar es Salaam ndi Dziko la Kumtunda

Sultan Majid wa ku Zanzibar anayamba kumanga Dar es Salaam pa doko labata, koma atamwalira iye m'caka ca 1870 mudziwo unatsala pang'ono kusanduka bwinja. Ajeremani anauutsanso, nauyesa likulu lao mu 1891, ndipo njanji yao inafika ku Kigoma mu 1914. Azaramo, Aluya ndi Amwenye anakhala pamodzi m'menemo, namvana m'Ciswahili.

Pamene Azungu a ku Rhodesia anapandukira Angelezi mu 1965, Zambia anasowa njira yina ya ku nyanja. Paipi ya mafuta inafika ku Ndola mu 1968, njanji ya Tazara ku Kapiri Mposhi mu 1975. Doko silikula lokha. Limadya za kumtunda, ndipo mkuwa wa Zambia unalemba nchito anthu ambiri a pagombe paja.