Khola Limene Lisanduka Sukulu ya Mbiri

Anthu ambiri amaganiza kuti mbiri imapezeka m'mabuku mokha. Koma khola, goli ndi njira yopita kudambo nazonso zimasimba zakale. Anthu a mumzinda wa Lubbock, m'chigawo cha Texas ku America, anazindikira zimenezi. M'chaka cha 1976 anatsegula malo otchedwa National Ranching Heritage Center, osungirako mbiri ya alimi a ng'ombe pabwalo, osati m'nyumba imodzi.

Mlendo akafika kumeneko amayenda m'kanjira kodutsa pakati pa nyumba zakale zoposa 40. Zambiri mwa izo zinachita kunyamulidwa kuchokera kumafamu akutali n'kudzamangidwanso monga momwe zinalili. Pali tinyumba tokumba pansi tomwe abusa ankabisalamo mphepo, makola, chipala cha wosula zitsulo ndiponso zitsime zopopa madzi ndi mphepo. Mlendo amaona yekha kuti moyo wa mbusa wokwera pahatchi, yemwe Azungu amamutcha cowboy, sunali wa mfuti ndi ndewu monga amaonetsera makanema. Unali moyo wa fumbi, ludzu ndi malipiro ochepa.

Luso la abusaŵa linachokera kwa anzawo a ku Mexico otchedwa vaquero, ndipo ena mwa abusaŵa anali anthu akuda omasulidwa ku ukapolo mu 1865. Kuyambira mu 1867 ankakusa ng'ombe kuchoka ku Texas kupita ku siteshoni ya sitima ya Abilene ku Kansas, ulendo wa makilomita oposa 1,000. Koma ntchitoyi sinakhalitse. Waya waminga, yemwe Joseph Glidden analembetsa mu 1874, anatseka mabusa, ndipo chisanu cha 1886 mpaka 1887 chinapha ziŵeto zosaŵerengeka. Zimene zinatsala ndi zimene ana a sukulu amakaona lero ku Lubbock.

Nanga kwathu kuno? Boma la Mwanza, lomwe lili m'malire ndi chigawo cha Tete ku Mozambique, limatchuka ndi manachesi, koma nalonso lili ndi mbiri ya ng'ombe yoyenera kusungidwa. Ena mwa anthu a m'bomali, monga a m'dera la Inkosi Kanduku, ndi Angoni a kwa Maseko. Makolo awo anachoka kummwera kwa Africa, naoloka Zambezi, nakafika mpaka ku Songea ku Tanzania, asanabwerere kudzakhazikika kuphiri la Domwe. Kwa Mngoni ng'ombe sinali nyama chabe. Khola linkamangidwa pakati pa mudzi, malowolo ankaperekedwa ndi ng'ombe, ndipo chikopa chake ndicho chinkapanga chishango cha msilikali. Mnyamata ankaphunzira kupirira ndi kumvera akulu ali kubusa, akuumba ng'ombe zadothi ndi kulimbana ndi anzake.

Chuma chimenechi chinakumana ndi masoka otsatizana. Mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest, womwe unaloŵa mu Africa kudzera ku Eritrea cha m'ma 1887, unafika kumpoto kwa Nyanja ya Malaŵi mu 1892 ndipo unasesa makola ambiri. Mu 1896 asilikali a boma la atsamunda anapha Inkosi Gomani woyamba, ndipo mu 1898 anagonjetsa Angoni a Mpezeni ku Chipata n'kuŵalanda ng'ombe zikwizikwi. Kuchigwa cha Shire nako kashembe ankafalitsa matenda opha ziŵeto. Pambuyo pake boma linamanga malo osambitsirako ng'ombe pofuna kupha nkhupakupa, ndipo mlimi anaphunzira kumanga ng'ombe pagoli kuti zikoke ngolo ndi pulawo. Ngakhale zinali choncho, maboma a Chikwaŵa ndi Nsanje, kummwera kwa Mwanza, anasanduka nkhokwe ya ng'ombe m'chigawo cha kummwera. Mliri wa rinderpest unalengezedwa kuti watheratu padziko lonse mu 2011.

Funso n'lakuti: kodi mwana wa ku Mwanza akaona kuti zinthu zosimba mbiri yonseyi? Nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 1966, inaika panja injini ya sitima yamoto kuti ana aione ndi maso. Chimodzimodzinso khola la mitengo, goli losemedwa, chikoti, chipanda cha mkaka ndi ngolo zikhoza kuikidwa pamalo amodzi, ngakhale pabwalo la sukulu kapena la mfumu. Sizilira ndalama zambiri. Zimalira anthu ozindikira phindu lake. Mitengo ya khola imadyedwa ndi chiswe, ndipo nkhalamba zodziŵa maina a ng'ombe, mankhwala ake ndi nyimbo za kubusa zikutha chaka ndi chaka.

Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Zakale za ku Texas zinapulumuka chifukwa eni ake anazitola nthaŵi isanathe. Za ku Mwanza zikadali m'midzi, ndipo wophunzira aliyense wokhala ndi kope ndi cholembera angathe kuyamba lero pokhala pansi ndi agogo ake n'kuŵafunsa mmene ankaŵetera ng'ombe.