Kuwotcherera

Mawu akuti kuwotcherera amachokera ku kuwotcha, koma mchira wa -erera umasintha tanthauzo. Kuwotcha kumawononga kapena kupsereza, pomwe kuwotcherera n'kulumikiza chitsulo ku chinzake ndi moto, monga momwe kusokerera kumalumikizira chigamba ku nsalu. Tanthauzoli limaoneka bwino mu Heavy Industrial Area ku Lusaka, kumene amisiri a ku Kanyama, Matero ndi George amagula zitsulo zopangira mageti, mafelemu a zitseko ndi zotchinga mawindo. Moto wa magetsi umasungunula m'mphepete mwa zitsulo ziwiri pamodzi ndi kamtengo kowotcherera, pakuti chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500, ndipo zikazizira zimasanduka chinthu chimodzi.

Ena amati mawu akale akuti kusula akadakwanira. Ayi. Wosula amafewetsa chitsulo pa makala n'kuchimenya ndi nyundo mpaka chikhale khasu kapena nkhwangwa. Wowotcherera amasungunula polumikizira pokha ndi moto wa magetsi, n'chifukwa chake kampani ya magetsi ya ZESCO ikazimitsa magetsi ntchito imaima kwa amene alibe jenereta. Enanso amati m'Chinyanja cha mu Lusaka anthu amangotchula dzina la Chingerezi, choncho mawu athuwa ndi a m'mabuku. N'zoona kuti amisiri a mumsewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga amalemba Chingerezi pa zikwangwani, ndipo palibe cholakwa. Komabe mawu obwerekawo amangotchula ntchito, pomwe kuwotcherera kumauza wophunzira chochita: kutenthetsa mpaka zitsulo zigwirane, osapyola n'kuboola.