Mbiri ya masewero a anthu awiri amene anakanira mafumu a England

Chiyambi cha nkhaniyi ndi ubwenzi. Mfumu Henry II inkakonda kwambiri Thomas Becket, mwana wa munthu wamalonda wa ku London, moti mu 1155 inamupatsa udindo wa nduna yaikulu. Mu 1162 inamukweza kukhala Arkibishopu wa Canterbury, poganiza kuti mnzakeyo aika Mpingo m'manja mwa mfumu. Zinthu zinatembenuka. Awiriwa anasemphana pa nkhani ya ansembe opalamula milandu: aziweruzidwa ku bwalo la mfumu kapena la Mpingo? Becket anathawira ku France mu 1164, ndipo atangobwerera, asilikali anayi a mfumu anamupha ndi malupanga m'tchalitchi mwake pa 29 Disembala 1170. Mu 1173 Papa anamutcha woyera, ndipo chaka chotsatira mfumu inapita yokha kumanda ake, niilola kuti amonke aikwapule.

Patadutsa zaka zoposa 350 kunadza Henry wina ndi Thomas winanso. Henry VIII ankafuna kusiya mkazi wake Catherine kuti akwatire Anne Boleyn, ndiponso kudziika kukhala mutu wa Mpingo ku England. Thomas More, loya amene anali nduna yaikulu kuyambira 1529, anatula pansi udindo mu 1532. Mu 1534 anakana kuchita lumbiro limene mfumu inalamula, koma chifukwa chake sanachitchule, podziwa kuti lamulo silipha munthu pa kukhala chete. Anamutsekera m'ndende ya Tower of London, ndipo pa 6 Julaye 1535 anamudula mutu. Mu 1538 mfumu yomweyo inagwetsa manda a Becket ndi kulamula kuti dzina lake lifufutidwe m'mabuku a mapemphero. Inkadziwa kuti wakufa amene anthu akumukumbukira amasokoneza mfumu yamoyo.

Olemba zisudzo atayesa kuigwira nkhaniyi, anapeza kuti ikadali yamoto. Chakumapeto kwa ulamuliro wa Elizabeth I, mwana wa Anne Boleyn yemwe uja, Anthony Munday ndi anzake analemba sewero lotchedwa Sir Thomas More. Anasamala kwambiri moti sanatchule n'komwe chimene More anakana kusainira. Komabe Edmund Tilney, amene ankayang'anira masewero m'malo mwa mfumukazi, anadula zigawo zina. Sewerolo linasindikizidwa koyamba mu 1844, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti masamba atatu a zolemba zapamanja za sewerolo ndi dzanja la William Shakespeare.

Becket anadikira nthawi yaitali kuposa apo. Alfred Tennyson anatulutsa sewero lake mu 1884, ndipo katswiri wa zisudzo Henry Irving analionetsa ku London mu 1893. Kenako mu 1935, chaka chomwe Papa anatcha More woyera, T. S. Eliot analemba Murder in the Cathedral, ndipo linaonetsedwa ku Canterbury komweko, pafupi ndi pomwe magazi anakhetsedwa. Eliot anamubweretsera Becket oyesa anayi. Atatu akumunyengerera ndi zosangalatsa, udindo ndi mgwirizano woukira mfumu. Wachinayi ndiye woopsa, pakuti akumukopa kuti afune imfa n'cholinga choti atchuke. Akamaliza kupha, asilikali aja akutembenukira kwa oonerera n'kuyamba kufotokoza mwaulemu kuti anachitira dziko zabwino. M'zaka zimenezo Hitler ndi Mussolini anali pa mpando, choncho mawu otere sanali achilendo m'makutu mwa anthu. Mu 1959 Jean Anouilh wa ku France anaibwereza nkhaniyi, koma iye mtima wake unali pa ubwenzi umene unasweka.

More anabwereranso kudzera mwa Robert Bolt, mphunzitsi amene analemba A Man for All Seasons. Linayamba kumveka pa wailesi ya BBC mu 1954, kenako linaonetsedwa ku London mu 1960, Paul Scofield akusewera ngati More. Filimu yake ya mu 1966 inapata mphoto zisanu ndi imodzi za Oscar. M'sewero loonetsedwa ku London lija, Bolt anaikamo munthu wamba amene akusinthasintha zovala: pano ndi wantchito wa m'nyumba, pano wopalasa bwato, pano woyang'anira ndende, potsiriza wodula mutu. Iyeyu sadana ndi More, angofuna kudya ndi kugona mwamtendere, ndipo nkhanza za mfumu zimayenda ndi manja a anthu otere. Mu 1961 Bolt mwiniwake anamangidwa pa zionetsero zokana mabomba a nyukiliya, koma anasaina pepala lolonjeza kusunga bata n'kutuluka, ndipo zimenezi zinamupweteka mumtima kwa zaka zambiri.

Masewerowa si mabuku a mbiri. Bolt sanaonetse kuti pa nthawi imene More anali nduna, anthu otsutsa chiphunzitso cha Katolika ankaotchedwa ndi moto iye akuvomereza. Anouilh anamusandutsa Becket kukhala wa mtundu wa Saxon pomwe makolo ake anali ochokera ku Normandy. Koma pa chinthu chachikulu olemba onsewa ananena zoona. Mfumu ingathe kulanda munthu udindo, chuma ngakhale moyo, koma kuti munthuyo avomereze chimene chikumbumtima chake chikukana, mfumu iyenera kupempha, ndipo wopemphedwayo ali ndi mphamvu yokana.