Amisiri a Mitengo m'Makomboni a Lusaka

Pamene Boma linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka m'caka ca 1935, anthu odzafuna nchito sanasiye sompho kumudzi. Ku Kabwata anawamangira tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu. Pambuyo pace ena anadzimangira okha ku Kanyama ndi ku Kalingalinga. Nyumba za m'tauni zinafuna zitseko, mipando ndi makama, ndipo ozolowera kusema mitondo ndi mipini anayamba kugwira maceka ndi puleni.

Kumudzi woweruza nchito anali mkulu. Mnyamata akasema mpini, atate ace ankautembenuza m'manja, kuupenya ndi diso limodzi, ndi kumuonetsa pokhota. Mtondo ukang'aluka, mudzi wonse unkadziwa mwini sompho. Koma m'tauni woweruza anakhala wogula, mlendo amene sachula colakwa, angocepetsa ndalama kapena kupita kwa mmisiri wina. Ciweruzo cotere ncowawa, pakuti siciphunzitsa munthu.

Nyumba zambiri za ku Kabwata zitapasulidwa kuti pamangidwe zosanja, m'caka ca 1974 nyumba 43 zinasungidwa, ndipo zinapatsidwa kwa osema ndi amisiri ena. Kumeneko mwambo wakale unabwerako pang'ono, popeza amisiri a mitundu yosiyana anakhala moyandikana, ndipo wina ankaona mlombwa wa mnzace usanapakidwe mafuta obisa zipsera. Ku Kalingalinga akalipentala anandandalika katundu wao m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata, kuti wodutsa aliyense agwedeze mpando ndi kumva ngati ulira.