Mbiri ya bizinesi pa intaneti: mmene ikusinthira malonda m'boma la Marávia

Mbiri ya bizinesi pa intaneti ndi zonse zimene anthu amalemba, kujambula kapena kulankhula pa foni zokhudza wamalonda: ngati sikelo yake ndi yoona, ngati amalipira tsiku limene analonjeza, ndiponso ngati mbewu kapena feteleza amene amagulitsa ndi weniweni. M'mizinda ikuluikulu monga Maputo ndi Lusaka, mbiriyi imaoneka pa nyenyezi zimene ogula amapereka pa Google Maps ndi pa ndemanga za pa Facebook. Ku Fingoé, Malowera, Chiputo ndi Chipera imayenda kwambiri m'magulu a WhatsApp a alimi, a mpingo ndi a pachibale, ndipo kawirikawiri imakhala uthenga wa mawu.

Mmene zinayambira

Kale wogula chimanga akabera anthu pa sikelo m'mudzi umodzi, ankatha kukakhazika sikelo yomweyo m'mudzi wina nkhani yake isanafike. Mafoni atseka mpata umenewu. Kampani ya Movitel inayamba ntchito m'dziko muno mu 2012 ndipo inafikitsa netiweki kumidzi yambiri. Kutumiza ndalama pa foni kunayamba ndi mKesh mu 2011, M-Pesa inabwera mu 2013, e-Mola n'kutsatira. Kuyambira mu 2022 munthu amatha kutumiza ndalama kuchokera pa imodzi mwa njira zitatuzi kupita pa inzake. Pulogalamu ya WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018, imalola wamalonda kuika dzina la sitolo, malo, nthawi yotsegulira ndi zithunzi za katundu pamodzi ndi mitengo yake, popanda kulipira china kupatula intaneti.

Chifukwa cha zimenezi, wogula mbewu, wogulitsa kapenta wa ku Cahora Bassa, mwini chigayo ndi mwini galimoto yonyamula matumba amayamba kudziwika pa foni asanaonekere pamaso.

Nambala yasanduka dzina la bizinesi

Nambala imodzi ndi imene anthu amaimbira, amatumizirapo ndalama ndiponso amapezera wamalonda pa WhatsApp. Ikakhala yakale ndipo inalembetsedwa m'dzina la mwini wake, monga mmene bungwe la INCM limafunira, ogula amaikhulupirira. Wamalonda amene amasintha nambala nyengo iliyonse yokolola, kapena amene amauza anthu kuti atumize ndalama pa nambala ya munthu wina, amakayikiridwa ngakhale asanalakwire aliyense. Manambala a Tmcel amayamba ndi 82 kapena 83, a Vodacom ndi 84 kapena 85, a Movitel ndi 86 kapena 87. Nambala ya ku Mozambique imatsogoza +258, ya ku Zambia +260, ya ku Malawi +265. Munthu wodzitcha wogula wa ku Petauke koma nambala yake ikuyamba ndi manambala a dziko lakutali ayenera kufunsidwa mafunso.

Mawu ndi zithunzi zikulowa m'malo mwa zolemba

Uthenga wa mawu sufuna kudziwa kulemba Chipwitikizi. Mlimi amalankhula m'Chinyanja kapena m'Chinsenga, natchula dzina la wogula, mudzi ndi tsiku. Anthu amaukhulupirira chifukwa amazindikira mawu a mnzawo. Vuto lake ndi lakuti ukatumizidwa kutsogolo kangapo, sudziwikanso kuti unachokera kwa ndani ndiponso unajambulidwa liti, moti dandaulo la chaka chatha limatha kubwerera ngati la dzulo. WhatsApp imaika chizindikiro pa uthenga umene watumizidwa kambirimbiri, ndipo chizindikirocho ndi chenjezo lakuti wotumizayo si amene anaona nkhaniyo.

Amalonda ena aphunzira kutsogoza umboni. Amaika mtengo wa tsikulo pa Status m'mamawa, amajambula sikelo ili ndi thumba la makilo 50, ndipo amasunga uthenga wotsimikiza kuti ndalama zalipiridwa. Wogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda amajambula paketi yosatsegula ndi tsiku limene mankhwalawo adzathere mphamvu. Pakabuka mkangano, zithunzizi zimamuyankhira.

Mbiri imawoloka malire

Boma la Marávia linachita malire ndi Zambia kumpoto, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri. Gulu limodzi la WhatsApp limatha kukhala ndi manambala a mayiko awiri, choncho dzina loipitsidwa ku Malowera limamveka kutsidya tsiku lomwelo. Madandaulo ambiri a m'malire amachokera pa muyezo ndi pa ndalama. Wina amawerengera pa lata, wina pa meda, wina pa kilo. Wina akunena za metical, mnzake akumva kwacha. Wamalonda amene amalemba momveka muyezo, mtundu wa ndalama ndi tsiku lolipira asanakweze katundu amapewa milandu imene imayamba ndi kusamvana chabe.

Kuba dzina la wamalonda

Dzina labwino limakopanso akuba. Ena amatenga chithunzi cha sitolo yodziwika, n'kutsegula tsamba la Facebook kapena WhatsApp ya nambala ina, kenako n'kupempha anthu ndalama za chikole cha feteleza amene kulibe. Ena amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati wa M-Pesa kapena e-Mola, n'kuimba foni kuti alakwitsa nambala ndipo ndalamazo zibwezedwe. Ena amapempha manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa foni ya munthu; akawapeza amalanda akaunti yonse ndi kuyamba kupempha ndalama m'dzina la mwini wake. Masiku ano pali mapulogalamu a kompyuta otha kupanga chithunzi kapena kutsanzira mawu a munthu, moti kumva mawu odziwika sikukwaniranso.

Chitetezo chake chili m'manja mwa mwini foni: kusauza aliyense PIN kapena manambala 6 aja, kutsegula chitetezo chachiwiri cha WhatsApp chimene chimafuna PIN yodzisankhira, kuona ndalama zimene zili mu akaunti m'malo mongokhulupirira uthenga, ndi kulemba nambala yeniyeni ya bizinesi pakhoma la sitolo. Akaunti ikabedwa, mwini wake ayenera kulengeza msanga m'magulu onse, pamsika ndi pa wailesi.

Kuyankha dandaulo

Njira imene ikufala m'mabizinesi aakulu ndi aang'ono ndi kuyankha pamalo omwe dandaulo laikidwa, mwaulemu ndiponso mosachedwa. Kufufuta uthenga kapena kutulutsa wodandaula m'gulu sikuthetsa nkhani, chifukwa ena amakhala atausunga kale. Kutukwana kumangowonjezera umboni. Yankho lothandiza limavomereza cholakwa ngati chilipo, limatchula tsiku lobweza ndalama kapena katundu, ndipo nkhani ikatha wodandaulayo amapemphedwa kunena m'gulu momwemo kuti yatha. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Pa foni mlomowo umasungidwa zaka.

Kulemba abale kuti ayamikire bizinesi mwabodza kapena kuti anyoze mnzako wopikisana naye sikukhalitsa m'dera limene anthu amadziwana.

Zimene malamulo amanena

Lamulo loteteza ogula, Lei n.º 22/2009, limapatsa wogula ufulu wouzidwa zoona za katundu ndi mtengo wake. Lamulo la Lei n.º 3/2017 limayang'anira malonda ndi mapangano ochitidwa pa intaneti. Kumbali ina, Código Penal imalanga munthu woipitsa dzina la mnzake ndi bodza, choncho wodandaula ayenera kunena zimene anaona yekha ndi kusunga umboni. Nkhani za katundu wotha mphamvu ndi mitengo yachinyengo zimapita ku ofesi ya SDAE ku Fingoé. Bungwe la INNOQ ndilo limayang'anira miyezo m'dziko muno. Kuberedwa pa foni kumanenedwa ku polisi ndi ku kampani ya foniyo.

Malire a foni

Netiweki siifika paliponse, ndipo mu Okutobala ndi Novembala 2024 intaneti ya pa foni ndi masamba a mchezo zinatsekedwa kangapo m'dziko muno. Wamalonda amene makasitomala ake onse ali pa WhatsApp pokha amasowa pogwira nthawi zotere. Kabuku kolembamo manambala ndi ngongole, lisiti ya pepala, ndi umboni wa mfumu kapena wa bungwe la alimi zikufunikabe, ndipo ndi zimene zimafunsidwa nkhani ikafika ku ofesi kapena ku bwalo.