Madzi Saiwala Khwawa: Mbiri ya Kumbuyo kwa Chimbale cha Daymé Arocena

M'mwezi wa Malichi 2017 kampani ya zimbale ya Brownswood, ya ku London, idatulutsa chimbale chotchedwa Cubafonía. Mwini wake ndi Daymé Arocena, woyimba wa ku Havana m'dziko la Cuba, amene pa nthawiyo adali ndi zaka 25. Munthu wongochimvera modutsa angati ndi jazi wokoma chabe: malipenga, piyano, ng'oma ndi mawu amphamvu a mtsikana. Koma nyimbo yoyamba m'chimbalemo ikutchedwa "Eleggua", dzina la mzimu wa Ayoruba, ndipo zaka 100 m'mbuyomo kutamanda mzimu umenewu ndi ng'oma ku Havana kukadatha kuitana apolisi. Tsono tiyeni tione njira imene nyimbo zotere zidayenda kuti zichoke kuseri kwa chitseko mpaka kufika pa chimbale.

Nkhaniyi idayamba ndi nzimbe. Akapolo a ku Haiti atagalukira Afalansa mu 1791, minda ya shuga ya kumeneko idaonongeka, ndipo eni minda a ku Cuba, dziko limene linkalamulidwa ndi Spain, adaona mwayi wolanda msika. Shuga adafuna manja ambiri. Anthu oposa 700,000 adatengedwa ku Afirika kupita ku chilumbachi, ambiri mwa iwo m'zaka za m'ma 1800. Ayoruba ankatchedwa Lucumí, a ku chigwa cha mtsinje wa Congo ankatchedwa Congo, a ku Calabar ankatchedwa Carabalí. Zombo zina zidanyamula anthu m'madoko a Mozambique, ndipo m'mabuku a ku Cuba mumapezeka mtundu wa Macuá, ndiwo Amakuwa. Ukapolo udathetsedwa ku Cuba mu 1886, mochedwa kuposa maiko onse a ku Amereka kupatula Brazil.

Atsamunda adalola anthu a mtundu umodzi kukhala ndi mabungwe otchedwa cabildo, poganiza kuti mitundu ikamasonkhana payokhapayokha siingagwirizane zoukira. Koma m'mabungwe amenewa ndimo mudasungidwa zilankhulo, magule ndi mapemphero. Mizimu ya Ayoruba, yotchedwa orisha, idavekedwa maina a oyera a Chikatolika: Changó adakhala Santa Bárbara, Yemayá adakhala Virgen de Regla, Ochún adakhala Virgen de la Caridad. Umu ndimo chidabadwira chipembedzo cha Santería, chimene ng'oma zake zopatulika, batá, zimakhala zitatu: iyá, itótele ndi okónkolo. Pa mwambo uliwonse Elegguá, wotsegula njira, ndiye amayamba kupatsidwa ulemu. Poika nyimbo yake patsogolo pa zonse, Arocena adangotsata lamulo la makolo ake.

Kutha kwa ukapolo sikudamasule ng'oma. Dziko litayamba kudzilamulira mu 1902, akuluakulu ake adafuna kuti Cuba azioneka ngati dziko la azungu. Apolisi ankalanda ng'oma m'nyumba za anthu. Mu 1912 asilikali a boma adapha anthu akuda zikwi zingapo pothetsa chipani cha Partido Independiente de Color. Magulu ovina m'misewu, a comparsa, adaletsedwa kwa zaka zambiri mpaka adaloledwanso ku Havana mu 1937. Nanga anthu adatani? Ogwira ntchito m'madoko a Havana ndi Matanzas adali atazolowera kale kuomba mabokosi a matabwa m'malo mwa ng'oma, ndipo gule wa rumba adakulira pa mabokosi amenewa. Bokosi wapolisi sangalilande ngati chida cha ufiti.

Ngakhale ophunzira adasintha maganizo pang'onopang'ono. Fernando Ortiz adalemba buku lake loyamba, Los negros brujos, mu 1906, ndipo m'menemo miyambo ya anthu akuda adaiona ngati gwero la upandu. Munthu yemweyo, atakhala zaka zambiri akufufuza, ndiye adakonza zoti ng'oma za batá zimveke pagulu la anthu wamba mu 1936, namtenganso Merceditas Valdés kuti aziyimba nyimbo za orisha pa nkhani zake. Valdés adadzakhala mmodzi mwa amayi oyamba kuika nyimbozi pa zimbale.

Kukumana ndi jazi kudachitikira ku New York. Mu 1940 Machito adakhazikitsa bandi imene adaitcha Afro-Cubans, dzina losabisa kumene nyimbozo zidachokera. Mlamu wake, Mario Bauzá, adapeka "Tanga" mu 1943, nyimbo imene ambiri amati ndiyo chiyambi cha jazi wa Afro-Cuba. Bauzá yemweyo adakumanitsa Dizzy Gillespie ndi Chano Pozo, mng'oma wa ku Havana, ndipo mu 1947 awiriwa adatulutsa "Manteca". Pozo adaomberedwa ku Harlem mu Disembala 1948, koma ng'oma ya conga idali italowa kale mu jazi ndipo siidatulukemonso.

Pa nthawi yomweyo nyimbo za Cuba zinkabwerera kwawo kwa makolo. Kuyambira 1933 kampani ya His Master's Voice idagulitsa mu Afirika zimbale za galamafoni za chizindikiro cha GV, zodzaza ndi nyimbo za son. Oyimba a ku Léopoldville ndi Brazzaville, monga Joseph Kabasele ndi Franco amene bandi yake ya OK Jazz idayamba mu 1956, adazimva ngati zawo nazisandutsa rumba wa ku Congo. Rumba amene adavinidwa m'mabala ndi m'maukwati a ku Blantyre ndi Lusaka ndi mphukira ya mtengo umenewu.

Boma la Fidel Castro, limene lidalowa mu 1959, lidatsegula sukulu za zoyimbayimba kwa ana a anthu osauka, ndipo mu 1962 lidakhazikitsa gulu la magule la Conjunto Folklórico Nacional. Koma lidafuna gule popanda pemphero. Ng'oma za orisha zidalandiridwa pabwalo ngati zamakolo zoonetsa alendo, pamene wozikhulupirira sankaloledwa m'chipani cholamula. Jazi nayenso ankakayikiridwa ngati nyimbo za adani a ku United States. Chucho Valdés adaphatikiza zinthu ziwiri zokayikiridwazi pamene adayambitsa bandi ya Irakere mu 1973, naika batá pambali pa gitala wamagetsi. Chipani chidayamba kulandira anthu opemphera mu 1991, ndipo malamulo a dziko adasinthidwa mu 1992.

Chaka cha 1992 chomwecho ndicho Arocena adabadwa. Adakulira m'nyumba yothinana ya ku Santos Suárez, m'mene achibale ankayimba rumba, kenaka adaphunzira kutsogolera kwaya ku sukulu ya Amadeo Roldán. Kusukulu adapatsidwa nyimbo za ku Ulaya. Za orisha ndi za jazi adazitola kunja kwa kalasi. Adayimba m'gulu la amayi la Maqueque pamodzi ndi Jane Bunnett wa ku Canada, ndipo Gilles Peterson, mwini Brownswood, adatulutsa chimbale chake cha Nueva Era mu 2015, chimene chili ndi nyimbo ya "Madres" yolemekeza Yemayá ndi Ochún. M'zaka zimenezo ankakwera pabwalo atavala zoyera, mtundu wa chipembedzo chake. Mu Cubafonía adayendera magule a chilumba chonse: rumba wa m'madoko, mambo wa m'maholo, changüí wa ku Guantánamo, akuyimba m'Chisipanishi, m'Chingelezi ndi m'mawu a Lucumí.

Sitinganene kuti nkhondoyi idatha. Bungwe la UNESCO lidalemba rumba wa ku Cuba pa mndandanda wa chuma cha anthu onse mu 2016, koma chimbale chimenechi chidafunikabe kampani ya ku London kuti chifike m'makutu a dziko lapansi, ndipo mwini wake adadzachoka ku Cuba: chimbale chake cha Alkemi, cha 2024, adachipangira ku Puerto Rico. Msika wakunja uli ndi njala yake, ndipo pemphero likasanduka malonda pamakhala choopsa chakuti lidzangotsala chokometsera.

Komabe mbiriyi ikutionetsa amene adasunga chuma. Sadali boma, sidali sukulu. Adali akapolo a m'cabildo, onyamula katundu padoko ndi agogo oyimba m'nyumba zothinana. Ophunzira adabwera pambuyo, ena atayamba ndi kunyoza. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Koma khwawalo pamafunika wolilambula chaka ndi chaka. Ife amene tili ndi mabuku ndi makalasi tidzifunse: kodi nyimbo zimene ophunzira athu amabwera nazo kuchokera kwawo zimaloledwa kulowa m'kalasi, kapena zimatsala pakhomo kudikira mlendo woti adzaziyamikire?