Kupempha ndi Kulamula: Mbiri ya Ulamuliro wa Mkhristu pa Pemphero

M'mipingo ya Chikhristu mumamveka mapemphero a mitundu iwiri. Pa mtundu woyamba, wopemphera amalankhula ndi Mulungu, kumupempha ndi kumudandaulira. Pa mtundu wachiwiri amatembenukira kwa chiwanda kapena nthenda, n'kuilamula m'dzina la Yesu kuti ichoke. Mtundu wachiwiriwu watsamira pa chiphunzitso chakuti wokhulupirira ali ndi ulamuliro wauzimu. Ulamuliro umasiyana ndi mphamvu. Nduna yotumidwa ndi mfumu imamvedwa pabwalo ngakhale ikhale yofooka m'thupi, chifukwa anthu amaopa amene waituma. Kuyambira nthawi ya atumwi, Akhristu ambiri sanakayike kuti ulamuliro woterowo ulipo. Chimene akhala akukangana ndi chakuti uli m'manja mwa yani.

Malemba amene nkhaniyi imachokerapo ndi odziwika. Pa Luka 10 Yesu akutuma ophunzira oposa khumi ndi awiri aja, ndipo pobwerera akusimba kuti ziwanda zawagonjera. Pa Mateyu 16 ndi 18 pali mawu a kumanga ndi kumasula. Kalata ya kwa Aefeso imanena za okhulupirira okhazikidwa pamodzi ndi Khristu kumwamba, komanso za zida za nkhondo yauzimu. Koma kalata ya Yakobo imauza wodwala kuti aitane akulu a mpingo, ndipo Machitidwe 19 amasimba za ana a Skeva amene anatchula dzina la Yesu osamudziwa, n'kuthawa atavulazidwa. Motero mbali zonse za mkanganowu zimapeza poyambira m'Chipangano Chatsopano momwemo.

M'zaka mazana oyambirira a mpingo, kutulutsa ziwanda inali ntchito ya Akhristu wamba. Justin Martyr, polemba ku Roma chapakati pa zaka za m'ma 100, ananena kuti Akhristu ankachiritsa ogwidwa ndi mizimu amene ochiritsa ena anawalephera. Tertullian wa ku Carthage, kumpoto kwa Africa, analemba cha m'ma 197 kuti Mkhristu aliyense akhoza kulamula mzimu woipa kuti udziulule. Origen naye anachitira umboni kuti ochita zimenezi kawirikawiri anali anthu osaphunzira. Mpingo utakula, ntchitoyi inasanduka udindo. Kalata ya Cornelius, episkopi wa ku Roma, ya cha m'ma 251, imawerenga ansembe 46 mumzindawo, komanso anthu 52 a maudindo ang'onoang'ono, omwe ena mwa iwo anali otulutsa ziwanda. M'zaka za m'ma 300 msonkhano wa ku Laodicea unaletsa munthu wosasankhidwa ndi episkopi kugwira ntchitoyi, kaya m'tchalitchi kaya m'nyumba. Mpingo wa Katolika unasindikiza mwambo wake wa mapempherowa m'chaka cha 1614, ndipo mpaka lero malamulo ake amafuna kuti wansembe ayambe walandira chilolezo cha episkopi. Malamulowa sanabadwe ndi nsanje ya maudindo yokha ayi. Atsogoleri ankatetezanso odwala kwa anthu ofuna kutchuka.

Martin Luther, m'chaka cha 1520, anaphunzitsa kuti obatizidwa onse ndi ansembe pamaso pa Mulungu. Chiphunzitsochi chinatsegulira Mkhristu wamba njira yofikira Mulungu popanda mkhalapakati, koma sichinamubwezere pemphero lolamula. Otsatira a John Calvin ambiri ankaona kuti zozizwitsa zinali za nthawi ya atumwi, ndipo mpingo wa ku England m'chaka cha 1604 unaletsa abusa ake kutulutsa ziwanda popanda chilolezo cha bishopu.

Zinthu zinayamba kutembenuka m'zaka za m'ma 1800. Johann Christoph Blumhardt, m'busa wa Chilutera m'mudzi wa Möttlingen ku Germany, anapempherera mtsikana wina wozunzika kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuchira kwake kumapeto kwa 1843 kunadzetsa chitsitsimutso m'deralo. Chitsitsimutso cha ku Wales cha 1904 ndi 1905 chitapita, Jessie Penn-Lewis ndi Evan Roberts anatulutsa buku lotchedwa War on the Saints m'chaka cha 1912, lolongosola pemphero ngati nkhondo. Amene anasanja chiphunzitsochi monga chikudziwikira lero ndi John A. MacMillan wa ku Canada, mmishonale wa Christian and Missionary Alliance amene anatumikira ku China ndi ku Philippines. M'chaka cha 1932 analemba nkhani zingapo zotchedwa The Authority of the Believer. Mfundo yake inali yakuti, poti Khristu ndi mutu ndipo mpingo ndi thupi lake, zimene zili pansi pa mapazi a Khristu zilinso pansi pa wokhulupirira wamng'ono kwambiri. Kenneth Hagin wa ku Tulsa ku America anafalitsa mfundoyi kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo pakati pa omutsatira inalumikizidwa ndi chiphunzitso cha thanzi ndi chuma. MacMillan ankatsindika kudzichepetsa ndi chiyero, zimene alaliki ena a m'mbuyo mwake sanazilabadire kwenikweni.

Kuno kwathu ku Malawi pemphero lolamula linafika mabuku amenewa asanafike, ndipo linadzera kumwera. Amishoni oyamba a Chipresibiteriyani, a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876 ndi a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, anabwera ndi sukulu, chipatala ndi katekisimu. Ambiri a iwo ankaona ufiti ngati umbuli woti maphunziro adzauthetsa. Boma la atsamunda nalo mu 1911 linakhazikitsa lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Koma mantha a m'midzi sanathe ndi lamulo. Mkhristu amene mwana wake akulira usiku mosadziwika bwino ankapita kutchalitchi Lamulungu, n'kuzemba kupita kwa sing'anga mdima ukagwa. Pamene mchape unasesa midzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, Akhristu ambiri anamwa nawo, ena n'kuikidwa pa chilango cha mpingo. Apa panali mpata umene mipingo ya mishoni inausiya wosatseka.

Mpatawo anautseka ndi anthu obwerera kuchokera ku migodi. John G. Lake anafika ku Johannesburg mu 1908 ndi uthenga wa Chipentekoste umene unali utabuka ku Azusa Street ku Los Angeles mu 1906, ndipo mpingo wa Apostolic Faith Mission unabadwa m'ntchito yake. M'dziko lomwelo mipingo ya Ziyoni inali kufalikira pakati pa anthu akuda. Amuna a ku Nyasaland amene anapita ku Joni ndi ku Halale anabwerako ndi njinga ndi masutikesi, ndipo ena anabwerako ndi mapempheredwe atsopano: kusanjika manja, kusala kudya, kulankhula malilime ndi kudzudzula mizimu. Mpingo wa Assemblies of God unazika mizu m'njira yomweyi, kudzera mwa Amalawi obwerera kwawo, usanakhazikitsidwe mwadongosolo mu 1947.

Kusintha kwakukulu kunadza m'zaka za m'ma 1970, makamaka mumzinda wa Blantyre. Anyamata ndi atsikana, ena a msinkhu wa sukulu, anayamba kulalikira m'misika, m'malo okwerera basi ndi m'mapiri, kuitana anthu kuti abadwe mwatsopano ndi kuwotcha zithumwa. Pa chikhalidwe chimene mwana salankhula pamaso pa akulu, mnyamata wouza gogo kuti ataye nyanga zake ankadzitengera ulamuliro umene mudzi kapena mpingo sunamupatse. Mabungwe a ophunzira monga SCOM ndi magulu a mapemphero okumana m'nyumba anafalitsa mapempheredwe amenewa mpaka m'mipingo yakale. Stanley Ndovie anayambitsa Living Waters Church mu 1985, ndipo msonkhano wa Reinhard Bonnke ku Blantyre mu 1986 unasonkhanitsa khamu lalikulu. Mu CCAP munabuka mikangano pa nkhani ya mapemphero a usiku wonse ndi kupemphera mokweza onse pamodzi, ndipo achinyamata ena anatuluka kukayamba mipingo yawo. Ku Zambia mkangano womwewo unafika pamwamba penipeni. Emmanuel Milingo, arkiepiskopi wa Lusaka wochokera kum'mawa kwa dzikolo, anayamba kupempherera ogwidwa ndi mashawe mu 1973, ndipo mu 1982 anaitanidwa ku Roma.

Amayi ndiwo anapindula kwambiri ndi chiphunzitsochi. Mayi amene malamulo a mpingo sankamulola kukwera pa guwa akanatha kusanjika manja pa mwana wa mnansi kapena kutsogolera mapemphero ku chipatala, osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Mapiri nawo anapeza ntchito yatsopano. Phiri la Bunda pafupi ndi Lilongwe, limene kale linali malo opempherako mvula mwa mwambo wa Achewa, lero limadzaza ndi anthu a mipingo yosiyanasiyana osala kudya, ambiri popanda m'busa wowatsogolera.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ufulu wa zipembedzo ndi mawailesi atachuluka, ulamuliro uja unayambanso kusonkhana m'manja mwa ochepa. Mapemphero a mamasulidwe anasanduka ntchito ya mneneri kapena "munthu wa Mulungu", ndipo anthu amayenda mitunda italiitali kukafuna mafuta ndi madzi odzozedwa. Izi zikutsutsana ndi zimene MacMillan anaphunzitsa, zakuti wokhulupirira aliyense ali ndi mwayi wofanana. Zopweteka kwambiri zimaoneka pamene pemphero lolamula lasanduka kuloza chala: okalamba ndi ana kutchulidwa ufiti, kapena wodwala kuuzidwa kuti aleke mankhwala otalikitsa moyo poti wachira. Poyankha, mipingo ingapo yakale tsopano imalola mapemphero a machiritso moyang'aniridwa ndi abusa ndi akulu a mpingo, ndipo mipingo yambiri ya Chipentekoste imalangiza odwala kupemphera uku akumwa mankhwala a kuchipatala.